Nkhuku Zosafa za Kunyanja

Lolemba

Kutentha. Malata a ofesi akungothetheka okha. Malaya anyowa ndisanagwire n'cholembera chomwe.

Sabata ino ndi yomaliza. Lipoti la nkhuku likufunika ku likulu Lolemba likudzali. Bwana ananena okha pamaso pa anthu kuti ku Lilongwe kuli mpando wa munthu wodziwa masamu, ndipo akawerenga lipotili adziwa woupereka kwa iye. Mpando umenewo ndikuufuna. Amake Limbani ali ku Kawale ndi ana, akuphunzitsa sukulu kumeneko, ine ndili kuno ku Salima kuwerenga nkhuku za eni ake. Limbani anayamba kuyenda ine kulibe. Ulendo watha ananditcha amalume. Ndinaseka nawo anthu, koma zinandipweteka mpaka m'basi.

Ndilembe ntchitoyi bwinobwino kuti mutu ukhale m'malo. Chaka chatha tinagawa nkhuku zakuda zamakono m'midzi iwiri. Wina uli kumtunda, njira ya ku Chinguluwe. Wina uli m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi Lifuwu. A Mbewe, mlangizi amene ndimakhala naye ofesi imodzi, akhala akuzungulira pa njinga kulemba kuti iyi yafa, iyi yadyedwa, iyi ikadalipo. Funso la Bwana: nkhukuzi zikukhalitsa kuti?

Funso losavuta kulifunsa. Poyankha pali njira ziwiri, zonse ndinaziphunzira ku kosi ya ku Zomba, ndipo ndiyenera kusankhapo imodzi.

Yoyamba ndi parametiriki. Ine ndimaitcha ya chikombole. Umayamba wavomereza kuti imfa ya nkhuku ili ndi kaumbidwe kake kodziwika kale, kojambulidwa m'mabuku. Iwe umangotenga masiku ako n'kuwatsendera m'menemo ngati dothi la njerwa. Zikakwanira, umatha kuuza munthu kuti nkhuku ya pano imakhala miyezi yakuti. Bwana amakonda zoterezi. Koma chikombolecho chikakhala cholakwika, yankho limatuluka labodza, lovala tayi.

Yachiwiri ndi semiparametiriki. Theka chikombole, theka manja. Sulumbira za kaumbidwe ka imfa, umaisiya iyende m'mene ikufunira. Umangolumbira chimodzi: kuti ngati mudzi wina ukuposa unzake pa kufa kwa nkhuku, ukuuposa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njirayi siifuna masiku enieni, imangofuna kudziwa kuti inayamba kufa ndi iti, inatsatira ndi iti. Siinama kawirikawiri. Koma siitchula miyezi, imangoti kuno n'koopsa kuposa uko mwakutimwakuti. Komanso masamu ake ndi oyenera kompyuta. Kompyuta ili ku likulu. Kuti ndiikhudze ndiyenera kupeza kaye mpando uja.

Zida zimene ndili nazo:
kalikyuleta, imene imayaka ukaifinya pakona;
mapepala a timabokosi, ena anadyedwa ndi chiswe m'mbali;
zolemba zanga za ku kosi;
rula ya a Mbewe, ati ndiziibweza madzulo aliwonse;
mutu.

Dongosolo: mawa chikombole, mkuja inayo, Lachinayi kusankha, Lachisanu kulemba, Loweruka kutayipa, Lamulungu kupuma ngati munthu. Ndalemba dongosololi ndi inki, si pensulo ayi.

Lachiwiri

Ndiyamba ndi mapepala a mudzi wa kumtunda. A kunyanja a Mbewe anawamanga ndi luzi n'kuwaponya pamwamba pa kabati, akhale kaye komweko.

Njira ya chikombole imati: ika madontho pa pepala, dontho lililonse nkhuku yakufa. Ngati chikombole chili choyenera, madonthowo afola mzere umodzi wowongoka. Mphunzitsi wathu ankachita zimenezi pa bolodi, madontho ake ankafola ngati ana a sukulu pa mbendera.

Anga sakufola. Awiri pano, limodzi apo, kenako mpata waukulu wopanda kanthu, kenako mulu wonse pamalo amodzi, pamene chitopa chinadutsa m'mudzimo. Pepala likuoneka ngati pansi pa mtengo wogonapo nkhuku.

M'zolemba zanga muli zikombole zingapo. Ndiyesa china. Ayi. China. Ayi. Chachitatu chikukwana kumutu, kumiyendo chikukana.

A Mbewe aima kumbuyo kwanga akukukuta chinangwa. "Rulayo ipendeketseni pang'ono, bambo, iwakhudza onse." Chondikwiyitsa n'chakuti ndinali nditaipendeketsa kale iwo asanalowe.

Ndaona chinanso. Nkhuku za kumtunda zimakonda kufa kumayambiriro kwa mwezi. M'nyengo ya dzinja, msewu uli matope, sizifa n'komwe, zimadikira kuti kuume. Ndiwafunsa a Mbewe. Ati: "Tsiku limene ndalemba ndi limene ndamva ine. Ndikanalemba liti? Ndimagona m'khola?" Akunena zoona, ndipo ndilibe powagwira. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chikombole chimafuna masiku enieni, ine ndili ndi masiku a njinga ya a Mbewe.

Masana kalikyuleta yazima. Kuifinya, kuiika padzuwa, kuluma mabatire, palibe.

Kumsika kukagula mabatire. Pa chipata ayufi a chipani. "Khadi, bambo." Khadi la chipani lili m'thalauza ina. Thalauzayo ndainyika m'beseni m'mawa womwe uno. Kubwerera kunyumba, kulivuula, kuliyanika pa malata, kulikhalira pambali ngati usipa kuti mphepo isalitenge. Kubwereranso kumsika. Mnyamata wa pa chipata alitembenuza, alinunkhiza. "Likununkha sopo." Ndimuuza kuti ndimalisamala. Andilola.

Tsiku latha. Chimene ndapeza: mabatire, ndi mutu wowawa mbali imodzi.

Parametiriki ndaisiya. Siindiyenera. Ndi njira ya anthu amene nkhuku zawo zimafa mwadongosolo.

Lachitatu

Ndadzuka ndi mtima watsopano. Semiparametiriki siifuna masiku, imangofuna ndondomeko ya imfa. Anthu a kumudzi sasunga kalendala, koma palibe mayi amene angaiwale kuti nkhuku yake inafa ya mnzake isanafe kapena itafa kale. Njirayi anaipangira ife. Ndikudabwa kuti dzulo ndinatayiranji nthawi.

Ndabwereka njinga ya a Mbewe. Chishalo chake n'chopendekera kumanzere, monga masiku awo.

Kumtunda amanditcha a Zankhuku. Dzina langa palibe analifunsapo. Amayi asonkhana pansi pa mtengo wa mango. Ndiwauza kuti sindikufuna masiku, angondiuza kuti inayamba ndi ya yani.

Poyamba zikuyenda. Ya mayi Nabanda inatengedwa ndi kabawi mpunga usanakololedwe. Ya mayi Nangozo inatsatira. Ndikulemba, mtima uli mbee.

Kenako mayi Nangozo: "Yanga inafa yawo isanafe, ndipo iwowa akudziwa chifukwa chake." Mayi Nabanda aika mwana pansi. Pabuka nkhani ya galu wawo. Nkhani ya galuyo ibala nkhani ya malire a dimba. Malire a dimba abala nkhani ya ukwati wa mchemwali wake wa wina, umene unatha ine ndisanabadwe. Imfa iliyonse ya nkhuku ili ndi mlandu wake, ndipo ine ndabwera kudzaifukula yonse tsiku limodzi, dzuwa lili paliwombo.

Ndifunsa za nthawi ya chitopa. Inayamba ndi iti? Onse aseka, kwa nthawi yoyamba agwirizana. "Zinangogwa, bambo. Tinadzuka n'kuzipeza." Mulu wonse m'mawa umodzi, palibe yoyamba, palibe yotsatira. Ndikudziwa kuti njirayi ili ndi kachitidwe kake pa zofa pamodzi. Ndatsegula zolemba zanga pomwepo. Pa tsamba limenelo pali mutu wokha, ndi kamzere kotsetsereka mpaka pansi. Phunziro limenelo linali la masana, titangodya nyemba.

Chimodzi chokha chimene chikuyenda bwino ndi nkhuku zodyedwa. Njira zonse ziwiri zimagwirizana: nkhuku imene yaphedwera mlendo kapena yagulitsidwa siiwerengedwa kuti yafa. Inali moyo mpaka tsiku limenelo, kenako yangotuluka pa mzere, za m'tsogolo mwake sitizidziwa. Mphunzitsi ankabwereza kuti zimenezi n'zololedwa pokhapokha ngati kutulukako sikukukhudzana ndi thanzi lake. Kumtunda n'zoona. Mlendo amamuphera yonenepa, ndipo yodwala amaisiya kuseri kwa nkhokwe ione yokha.

Pobwerera tayala laphwa. Kukankha njinga. Mayi Nabanda anandipatsa mtedza kuti ndilembe kuti yawo ndiyo inayamba, mayi Nangozo anandipatsa bwemba pa chifukwa chomwecho. Ndadya zonse m'njira.

Madzulo ndiyang'ana masamu amene akundidikira. Pa imfa iliyonse uwerengenso zotsala m'midzi yonse iwiri. Uyerekeze nambala. Uwerengere mpaka pansi. Upeze kuti nambalayo yaphonya. Uikonze. Uyambirenso pamwamba. Ndi kalikyuleta yofinya pakona! Ndipo pamapeto pake Bwana adzati, "Chabwino, koma ndi miyezi ingati?" Ine n'kuti njirayi siitchula miyezi. Iwo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mwina chikombole sichinali choipa kwenikweni.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndikudziwa. Kudziwako sikukundithandiza kanthu.

Lachinayi

Lero ndi tsiku losankha, malinga ndi inki. Sindingasankhe ndisanaone mapepala a kunyanja. Ndikwera pa mpando, ndiwatsitsa, mphemvu zibalalika.

Tsamba loyamba: yadyedwa, yadyedwa, ilipo, yadyedwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Nditembenuza onse. Ndibwerezanso ndi chala.

Palibe yafa. Ngakhale imodzi. Chaka chonse, ndi chitopa chomwe chinasesa kumtunda chija, kunyanja palibe nkhuku yakuda imene yafa.

A Mbewe ati: "Ine ndimalemba zimene andiuza. Sanandiuzepo za yakufa."

Ndiyesa chikombole chosavuta kuposa zonse: masiku onse amene nkhuku zakhala ndi moyo, kugawa ndi chiwerengero cha zakufa. Zakufa palibe. Kalikyuleta ionetsa chilembo chimodzi chodandaula n'kukana kupitiriza. Ndiyesa semiparametiriki: imfa iliyonse ikugwera kumtunda, nambala ikungokwera, ndikaikonza ikweranso, ilibe poima. Njira ziwiri zimene zandizunza sabata yonse lero zikulankhula chimodzi. Kunyanja nkhuku sizifa.

Sindikufunikanso kusankha! Ndavina pang'ono kuseri kwa chitseko. A Mbewe anaona.

Zifukwa zimene zingakhalepo, ndazilemba mwamsanga:
zimadya zotsalira za usipa pa thandala;
madeya a mpunga;
mphepo ya panyanja imauluza chitopa;
mchenga wotentha umapha tizilombo ku mapazi.
Chachinayichi ndachikonda, chikumveka ngati cha munthu woyenera mpando.

Mtima wina ukundiuza kuti ndipite kaye ndikaone ndi maso. Mtima winawo ndauuza kuti ukhale chete, wakhala ukulankhula kuyambira Lolemba osapindula kanthu.

Ku positi ofesi kukaimba lamya. Kudikira pa benchi mpaka matako kuchita dzanzi. Bwana amveka patali ngati ali m'chitsime. "Mwati palibe yafa? Ndi imodzi yomwe?" Ndiwauza kuti njira zonse ziwiri zatsimikiza, parametiriki ndi semiparametiriki. Mawu awiriwa ndawatchula mokweza kuti a pa benchi amve. Bwana ati: "Mphwanga, iyi ndi nkhani. Iyi ndi nkhani yabwino kwambiri." Sananditchulepo mphwanga chiyambire.

Pomwepo pa kauntala ndalemba kalata kwa amake Limbani. Ndawauza kuti ayambe kufunsira nyumba ya zipinda ziwiri, ndi kuti amuuze Limbani kuti amalume aja ndi bambo ake ndipo akubwera kudzakhala. Ndamata sitampa, ndaponya m'bokosi. Inalira bwino pogwera pansi.

Madzulo ndagula chambo chachikulu, ndadya ndekha ndi mutu womwe.

Lachisanu

Lipoti likufunika kamutu kofotokoza chifukwa chake. Ndipita kunyanja kukaona nkhuku zodabwitsazi ndi kukhudza mchenga.

Ndafika nthawi yolakwika. Lero ndi Lachisanu, amuna onse ali ku mzikiti. Ndimadziwa zimenezi nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ndimaiwala. Ndikhala pakhonde pa a Bwanali, msodzi amene analandira nkhuku zambiri kuposa onse. Akazi awo, mayi Asiyatu, andiyalira mkeka, andipatsa madzi. Makoka ayanikidwa pa mchenga. Ndigwira mchengawo. N'zoona, ukutentha. Ndilemba.

Nkhuku zakuda zikupalasa pansi pa thandala la usipa. Ndilembanso. Imodzi yokha yaima payokha pafupi ndi mtondo. Mapiko agwa, khosi lalowa m'mapewa, maso akutsinzina. Ikuodzera masana. Ndaona zambiri zotere kumtunda, ndikudziwa mathero ake. Ndikhala tsonga, cholembera m'manja. Pepani nkhuku, koma ndikufuna kuona kuti mchenga ukuchiritsa bwanji.

Mayi Asiyatu aiona. Asiya lichero. Aitola, aiyang'ana kukamwa, aikumbatira m'khwapa, aima pa mpanda kuyang'ana njira ya ku mzikiti. Akulankhula nayo pansipansi. "Pirira pang'ono, swala ikutha." Aipatsa madzi ndi chala. Ine ndikuganiza kuti ichi ndicho chinsinsi, chisamaliro, ndipo ndikulemba kuti amayi a kunyanja amakonda ziweto zawo.

Amuna atuluka. Mayi Asiyatu akweza nkhuku m'mwamba kuti ionekere patali. A Bwanali aona, akwinya mkanjo m'manja, athamanga pa mchenga, mzuli ukugwa, munthu wamkulu ndithu. Salonjera n'komwe. Mpeni. Atembenukira koyenera, Bisimila, basi.

Kenako asamba m'manja, abwera kudzandipatsa moni mwaulemu wonse. "Pepani a Zankhuku, ikanatipulumuka."

Ndifunsa, mawu akutuluka ang'onoang'ono, kuti kodi amachita chonchi nthawi zonse.

"Nanga titani, bambo? Ikafa yokha ndi chibudu, haramu, sitingadye. Timangotaya. Ndiye ukaona yayamba kuodzera, uizinge msanga. Kuno nkhuku siifa yokha. Ngati mwini nyumba kulibe, amaitana wa nyumba ina."

Nanga nthawi ya chitopa ija?

Aseka, agwedeza mutu. "Musandikumbutse. Sabata imeneyo tinadya nkhuku mpaka ana kuyamba kulirira usipa."

Palibe ananama. A Mbewe anafunsa ngati yafa, anawauza kuti yadyedwa, ndipo inadyedwadi. Ine ndinaitulutsa pa mzere ngati nkhuku yathanzi yophedwera mlendo. Mphunzitsi uja anabwereza mpaka kutopa: pokhapokha ngati kutulukako sikukukhudzana ndi thanzi lake. Tsiku limenelo ndinali maso, ndinalemba, ndinadula mzere kunsi kwake. Kuno zotuluka pa mzere ndi zomwezo zimene zatsala pang'ono kufa. Chikombole sichingaone zimenezi. Semiparametiriki, ndi kudzichepetsa kwake konse, siingaonenso. Ndatha masiku kusankha pakati pa akhungu awiri.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sandilola kuchoka osadya. Mpunga wa ku Lifuwu, wonunkhira, ndi nkhuku yomweyo. Ine mlangizi wa boma ndiyenera kunena kuti nkhuku yodwala siidyedwa. Ndinayamba kunena. Mayi Asiyatu anandiikira ntchafu. Ndadya imodzi mwa nkhuku za m'lipoti langa, ndipo ndikuvomereza kuti inakoma.

Pobwerera ndinadutsira ku positi ofesi. Atseka.

Loweruka

Kutayipa, ikutero inki. Palibe chotayipa.

M'mawa ndiyesa kupulumutsa zimene zingapulumuke. Ndiwerenge zodyedwa zonse za kunyanja ngati zakufa? Ayi, zina zinali zathanzi: za pa Idi, za pa ukwati, za alendo. Ndizisiyanitse bwanji? A Mbewe ati akhoza kukafunsanso, "koma njinga mwaiwononga ndinu." Palinso zina zimene mudzi unapereka ngati mphatso pamene kunabwera akuluakulu a chipani. Zimenezo zinali zathanzi kapena zoodzera? Funso limenelo sindingalifunse, ndipo amene angaliyankhe ndi wopusa kuposa ine.

Ndaganiza zolemba zoona zokhazokha: kuti kumtunda nkhuku zimafa, kunyanja zimazingidwa zisanafe, ndipo ndi zimene tili nazozi palibe njira ingatiuze kumene zikukhalitsa. Ndi lipoti loona. Mwina Bwana aona kuti munthu wozindikira zoterezi ndi woyenera mpando. Ndikudzinamiza, koma pang'ono pokha.

Ndikukonzeka kupita kukaimba lamya, panja pamveka Landirova. Bwana eni ake, malaya a maluwa, akazi awo ali kutsogolo, kumbuyo dengu la nsomba. Abwera kudzagula chambo, ati n'kulakwa kudutsa osandigwira chanza. Andigwira ndi manja awiri.

Ndiwatengera pambali, pansi pa mtengo wa nimu. Ndifotokoza. Mzikiti, mpeni, chibudu, kutuluka pa mzere. Ndikufotokoza bwino, kuposa m'mene ndinayankhira mayeso a ku Zomba. Nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Ayang'ana kumanzere, ayang'ana kumanja, ayang'ana dalaivala wawo yemwe.

"Mphwanga, tsitsani mawu. Nkhani ija ndinaipereka pamwamba Lachinayi lomwelo. Apamwambawo anaipereka pamwamba pawo. Ikatchulidwa pa msonkhano sabata ya mawa, monga chitsanzo cha chitukuko. Mukufuna ndipite ndikanene kuti chitukukocho chinadyedwa ndi mpunga?"

Nditi mwina tingafotokoze kuti vuto ndi la njira zowerengera.

"Parametiriki, chiyanichiyani, zimenezo ndi zanu. Ine ndikufunsani chimodzi. Pa mapepala anu pali nkhuku ya kunyanja imene inalembedwa kuti yafa?"

Palibe.

"Ndiye mwanama pati? Lembani zimene zili pa pepala."

Ndifunsa za mpando.

Andigwira paphewa, mokoma mtima ndithu, ndipo n'chimene chikundiwawa. "Mpando uja tapatsa mnyamata wina wa ku Dedza. Inu sitingakuchotseni kuno tsopano. Apamwamba akufuna kudziwa kuti nkhuku zimenezi zimakhala miyezi ingati, ndipo inu mwandiuza nokha kuti masamu sangatuluke popanda yakufa. Tikutumizirani nkhuku zina mwezi wa mawa. Mukhale pompano, muzizitsata mpaka ife imodzi."

Akazi awo aliza hutala. Nsomba zikuwonongeka ndi dzuwa.

A Mbewe, amene sanamve kanthu koma amva zonse, andibweretsera tiyi osandifunsa. Ati rula ndikhoza kukhala nayo mpaka Lolemba.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ndagona pa ulaliki, ndadzuka pa chopereka.

Lipoti latha. Masamba awiri. Pa mutu wakuti njira yogwiritsa ntchito ndalemba kuti zonse ziwiri, poti zonse zikunena chimodzi. Sabata yathunthu ya mutu wowawa yalowa m'mzere umodzi. Pansi penipeni ndawonjezera kuti anthu a kunyanja amazinga nkhuku ikangoyamba kudwala, ndipo owerenga aganizirepo. Mzere umenewo ndaulemba ndi pensulo, kuti Bwana asavutike poufufuta.

Mpaka ife imodzi.

Ndaganiza njira zingapo. Ndigule nkhuku imodzi kunyanja, ndiisunge kuno, ife yokha pakhomo panga. Sizitheka: yogulitsidwa yatuluka pa mzere, lamulo ndi langa lomwe. Ndidikire kabawi. Kunyanja akabawi amakhuta usipa wa pa thandala, nkhuku saiyang'ana n'komwe. Galimoto? Msewu wake umadutsa galimoto imodzi, ya Bwana, ndipo dalaivala wawo ndi wosamala.

Masana a Bwanali adutsa pa njinga ndi dengu la utaka. Ndiwaimitsa, tilonjerana, ndifunsa za kunyumba. Kenako ndiwapempha, ngati nthabwala koma si nthabwala, kuti ikadzayamba kuodzera ina aisiye, imodzi yokha, ione yokha. Andiyang'ana ngati ndawapempha kuti aboole bwato. "Astaghafiru, a Zankhuku. Ndiwo zife ine ndikuona?" Andiwonjezera utaka wa pamwamba, ati ndikuoneka wofooka.

Sindinawakwiyire. Akuchita zoyenera. M'nkhani yonseyi aliyense wachita zoyenera, kupatula amene anathamangira ku lamya.

Kalata ya Lachinayi ifika ku Kawale mawa kapena mkuja. Amake Limbani aiwerenga ataimirira, ndikuwadziwa, kenako auza anansi, kenako ayamba kuyenda m'makomo kufunsa nyumba. Ya lero iwapeza atauza kale mwana. Ndayamba kuilemba katatu. Ndinayesa kufotokoza za chikombole ndi za mzere, ndinang'amba. Yatsala ya mizere yochepa: musafunenso nyumba ija, ndibwera pa Khirisimasi monga mwa nthawi zonse, mundipepesere kwa Limbani. Ndatopa, ndipo ndawasowa kwambiri. Zimenezonso ndalemba.

Chibwerere kuno ndimagona pa mphasa, zovala zili m'sutikesi, poti ndinkati ndine wodutsa. Mawa ndikapereka lipoti ku basi, ndidzera kwa kalipentala wa pa msika akandikhomere bedi.